Kadontho Koyera m'Diso la Kadona

Ndinachoka pakhomo m'mawa kuti ndikakonzetse kamera. Pofika masana kamera inali m'chikwama itachira, ine ndili pabenchi ya chipatala ndi mwana pamiyendo, kudikira kuti andiuze ngati diso lake likhalepo kapena alichotse. Ndilemba mmene zinayendera chifukwa ndatopa kuyankha munthu mmodzimmodzi, aliyense ndi funso lomwelo: inu anthu ojambula zithunzi, simunaone bwanji?

Tili ndi kasitudiyo, ine ndi amuna anga. Ndi chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya nsapato. Muli nsalu yoyera kukhoma, mpando wopanda chotsamira, magetsi awiri a maambulera, galasi lodziyang'anira ndi chipeso chimene makasitomala sasiya kutibera. Ntchito tinagawana kalekale. Ine ndimajambula, iwo amakonza pa laputopu. Chithunzi sichituluka pakhomo asanachigwire. Ziphuphu amachotsa, thukuta la pamphumi amapukuta, tayi yokhota amawongola, ntchentche ikatera paphewa la mkwati amaithamangitsa. Maso ofiira amene fulashi imasiya ndiye sachedwa nawo n'komwe, amangodina kawiri uku akulankhula pa foni, diso lada. Mumsewu wathu wonse amawatcha a Sopo, chifukwa wodutsa m'manja mwawo amatuluka atasamba.

Zithunzi za kunyumba nazo n'chimodzimodzi. Khadi ndikaitulutsa m'kamera ndimaiponya patebulo pawo, zithunzi ndimadzaziona zitasamba kale, zili m'mafulemu. Nthawi yokhala pansi kuyang'ana zosasamba ndikanaitenga kuti? Ana atatu, makasitomala, zochapa.

Kadona ndi mwana wathu womaliza. Dzinalo tinamupatsa atangoyamba kuyenda, chifukwa cha kayang'anidwe kake. Ukamuitana sakuyang'ana chamaso. Amapotoza khosi, n'kukuyang'ana cham'mbali ngati dona amene wapeza fumbi pawindo. Tinkaseka. Alendo akabwera tinkamuitana dala kuti aone matama a mwanayu.

Sabata imeneyo amuna anga anapita kukajambula ukwati kutali, atanyamula kamera yaikulu ndi laputopu. Ine anandisiyira kamera yakale, ija ya fulashi yotumphuka pamwamba. Zithunzi za ziphaso ndinkazitsuka molunjika kuchokera pakhadi, popanda wozisambitsa. Tsiku lachiwiri dalaivala wina anabwerera, zithunzi zili m'manja.

"Mayi, tandiyang'anani pamphumipa. Mukuonapo chiyani?"

"Thukuta."

"Nanga ichi?"

Pachithunzi anali ndi banga lakuda pamwamba pa nsidze, lalikulu ngati nyemba. Ndinayang'ana zina zonse za tsikulo. Mphunzitsi wamkazi anali nalo. Msilikali wopuma ntchito anali nalo. Onse amene anakhala pampando uja anatuluka ndi banga malo amodzi, ngati obadwa kwa mayi mmodzi. Ndinapukuta lenzi ndi kansalu kake, bangalo lilipo. Ndinauzira mpweya, ndinapukutanso ndi m'mphepete mwa bulauzi, lilipobe. Dalaivala ndinamukhazika chakumanzere pang'ono kuti banga ligwere pansalu, ndinamujambulanso, anapita akung'ung'udza.

Kenako ndinayamba kubwerera m'mbuyo pakasikirini ka kamera kuti ndione pamene bangali linayambira. Ndinafika pa zithunzi za Lamlungu, tsiku limene Kadona anakwanitsa zaka ziwiri. Tsikulo kunagwa mvula, magetsi anazima, pabalaza panali mdima ngakhale kunali masana, ndiye ndinajambula ndi fulashi. Ana onse ozungulira keke anali ndi maso ofiira, zomwe sizinandidabwitse. Koma Kadona diso lamanja linali lofiira, lamanzere loyera. Pakati penipeni, pamwanadiso, panali mbee, ngati diso la mphaka galimoto ikamuwalitsa.

Ndinati basi, kamera yatha. Banga lakuda, tsopano kadontho koyera, mawa idzayamba kudula anthu mitu. Ndinalusa ndi amuna anga pondisiyira chiphakasa. M'mutu mwanga munalibe china.

M'mawa mwake mtsikana wotithandiza pakhomo sanabwere, choncho Kadona ndinamubereka, kamera m'chikwama, ulendo kwa a Magalasi. Amenewo ndi okonza makamera. Kachipinda kawo kali pamwamba pa nyumba ya okonza mafoni, masitepe ake otsetsereka moti umafika ulibe mawu. Amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi, ndipo amakhala akufunafuna achitatu.

"Amake Kadona. Lero mwabwera nokha? A Sopo asungunuka?"

"Ali ku ukwati, akudya za eni. Kamerayi yayamba misala iwiri. Ndilibe nthawi, kusitudiyo ndatseka."

"Aliyense wokwera masitepewa alibe nthawi. Khalani pansi. Mwanayo muikeni pampando apo, koma asagwire timasikuluwu, wina anameza kamodzi mpaka lero sanabweze."

Ndinawaonetsa kaye banga lakuda. Sanafunse zambiri. Anachepetsa kabowo ka lenzi mpaka kumapeto, anajambula pepala loyera lomwe analimata pakhoma. Banga linaoneka bwinobwino. Anasuntha, n'kujambula mbali ina ya pepalalo. Banga pomwepo. Anachotsa lenzi yathu, anaika yawo, anajambulanso. Pomwepo.

"Mwaona? Ndasintha khoma, ndasintha lenzi, ilo silikusuntha. Chinthu chikamakhala malo amodzi pachithunzi chilichonse, chili m'kati mwa kamera. Ili ndi fumbi pa sensa, kagalasi kam'kati kaja kolandira chithunzi. Mumasintha lenzi muli panja, eti?"

"Amasintha ndi amuna anga."

"Onse obwera kuno amasintha ndi amuna awo."

Anatsegula, anapopera mpweya ndi kampira, anadutsitsa kamtengo konyowa kamodzi kupita, kamodzi kubwera. Anajambulanso pepala lija. Loyera ngati mmene linalili.

"Misala yoyamba yatha. Yachiwiri?"

Ndinawapezera chithunzi cha keke. Anatsitsa magalasi a pamphumi, anachikulitsa, anayang'ana nthawi yaitali.

"Fulashi ikamenya fumbi louluka pamatuluka timabwalo totuwa, koma timagwera paliponse, padenga, pamalaya, ndipo sitibwereza malo. Kadontho ka sensa kakafa kamakhala kakang'ono ngati nsonga ya singano. Aka ndi kakakulu. Zilipo zina za tsiku lomweli?"

Zinalipo zambiri. Anayamba kupita nazo chimodzichimodzi. Pachithunzi china Kadona anali pakona yakumanzere, ali m'manja mwa mchemwali wake. China anali pakati, akuuzira makandulo. China anali pansi penipeni, akulimbana ndi chibaluni. A Magalasi ankaika chala pasikirini pamene pali kadonthoko, chithunzi chikasintha chala n'kusamuka, chikasinthanso n'kusamukanso.

"Kakuyenda," iwo anatero.

"Ndiye kakonzeni."

"Mayi, mwamva zomwe ndanena pa banga lija. Cham'kamera sichisuntha. Aka kakutsatira mwana. Ndipo diso lake ndi limodzi lomwelo."

"Mwina ndi fulashi."

"Fulashi yomweyo yamenya ana onsewa. Kamera simudziwa mwana wanu. Singamusankhe pagulu."

Ndinawauza kuti ndabwera kudzakonzetsa kamera, osati kudzamva maphunziro. Anadzuka, anakoka katani, anazimitsa getsi la patebulo. Anatenga kamera ina pashelefu, ya kasitomala wina, anandiuza kuti ndiyang'ane kwa iwo. Fulashi inandimenya. Anandionetsa: maso anga onse awiri ofiira, nkhope ngati ya munthu wogwidwa akuba. Kenako anagwada, analiza makiyi pamwamba pa kamera.

"Dona wamkulu, tayang'anani kuno."

Kadona anapotoza khosi monga mwa masiku onse. Iwo anasuntha mpaka analunjikana naye. Fulashi. Anayang'ana pasikirini, sanandionetse. Anatenga kamera yachitatu, yaing'ono yam'thumba, anajambulanso. Ndiye anandipatsa zonse ziwiri, imodzi dzanja ili, ina dzanja ili.

Lamanja lofiira. Lamanzere loyera. Makamera atatu osadziwana, onse akunena chimodzi.

Munthu amene sasiya nthabwala ngakhale pamaliro anavula magalasi onse awiri n'kuwaika patebulo.

"Ine ndimakonza makamera, za maso sindizidziwa. Koma chofiiracho ndi kuwala kobwerera kuchokera kumbuyo kwa diso. Ngati kukubwerera koyera, pali chimene kukugunda. Musabwerere kusitudiyo. Pitani kuchipatala cha maso, zithunzizi muwaonetse."

Sindikumbuka ngati ndinatsanzika. Ndinatsika masitepe theka, ndinakhala pansi pomwepo anthu akundilambalala. Mwana ndinamuika pamiyendo n'kumuyang'anitsitsa. Maso awiri akuda, owala, okongola, opanda chotupa, opanda misozi, opanda kufiira. Diso limene ndinalisambitsa m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri.

M'chikwama munali bisiketi. Ndinainyamula patsogolo pake, dzanja langa lina n'kuphimba diso lake lamanzere. Anatambasula dzanja n'kuitenga, osadandaula. Ndinatulutsa ina. Ndinaphimba lamanja. Mwana anakuwa, anakanda dzanja langa, anapukusa mutu uku ndi uku. Bisiketi ili pamphuno pake, iye osaiona.

Zinthu zinayamba kubwera zokha. Ngodya ya tebulo imene amaigunda nthawi zonse ndi tsaya lamanzere. Kapu imene amaigwetsa ikakhala mbali imeneyo. Ndi kupotoza khosi kuja. Mwana ankasaka dziko ndi diso limodzi, ife n'kumupatsa dzina, n'kumaitana alendo kuti adzaseke.

Ndinaimbira amuna anga. Anali m'basi, akubwerera.

"Mukatsika mubwere kuchipatala chachikulu, mbali ya maso. Musadzere kunyumba."

"Chachitika n'chiyani? Wagwa?"

"Sanagwe. Ingobwerani."

Kuchipatala mzere unali wautali, ambiri agogo a ng'ala, ena ataphimbidwa diso ndi thonje. Namwino wa pakhomo anandifunsa chomwe chikuvuta, osadzutsa mutu. Ndinati mwana sakudwala, koma ndili ndi chithunzi. Anandiyang'ana ngati ndasochera. Ndinamuikira kamera patsogolo. Anayang'ana, anayang'ana mwana, anaimirira.

"Tiyeni kuno, mayi."

Anandidutsitsa pamzere wonse. Agogo ena anang'ung'udza kuti ena ali ndi abale m'kati. Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikulakalaka kudumpha mzere wa chipatala, koma tsiku limenelo ndikanakonda andibweze kumapeto.

Mwana anamuthira mankhwala m'maso oti mwanadiso atseguke, tinadikira pabenchi. Kadona anagona. Kenako anatilowetsa kwa adokotala, mayi wamfupi wa mawu otsika. Anazimitsa getsi, anaunika diso ili, anaunika linalo, anabwerera ku loyamba. Anati kuyera kotere kumabwera ndi zinthu zingapo, zina zazing'ono, ng'ala ya ana kapena kungoti mwana anayang'ana kumbali pojambulidwa, choncho aunike ndi makina asananene kanthu. Anamupaka mafuta ozizira pachikope, anayendetsa kachipangizo, ine nditamugwira manja mwana akulira. Pasikirini panaoneka bwalo lakuda, m'kati mwake muli chinthu chotuwa chodzaza kupitirira theka.

"Mayi, kumbuyo kwa disoli kuli chotupa. Momwe chikuonekera, ndi khansa ya m'diso imene imagwira ana aang'ono. Timugoneka ndi mankhwala kuti tiunike bwino maso onse awiri, koma ndikufuna mudziwe lero."

Mawuwo ndinawamva. Ndinayang'ana nsapato ya mwana, imodzi inali itamasuka, ndinaimanga.

"Kuyeraku munayamba kukuona liti?"

"Dzulo. Chithunzicho ndi cha Lamlungu."

"Zithunzi zam'mbuyo za fulashi zilipo? Zingatithandize kudziwa kuti chayamba liti."

"Zilipo zambiri kunyumba. Zonse zili bwinobwino, maso akuda onse awiri."

Pomwepo namwino anatsegula chitseko, amuna anga analowa, chikwama cha laputopu kumsana, cha kamera paphewa, malaya a ku ukwati atakwinyika. Anapereka moni kwa adokotala, anagwira mwana pamphumi ngati akuyesa malungo.

"Amake Kadona, mwandiopsa. Mwana ali bwinobwino uyu."

Ndinawapatsa kamera. Anayang'ana chithunzi cha keke, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika, mtima wawo ukukhala pansi. Anatsala pang'ono kuseka.

"Aka? Mwathamangira kuchipatala chifukwa cha aka? Ndi kamera yakaleyi, imatero. Ndimakachotsa."

Adokotala anaika cholembera pansi.

"Mumakachotsa," ine ndinatero.

"Ee. Fulashi yake inayamba kale kuvuta. Ndinkati ndikapeza mpata ndipite nayo kwa a Magalasi."

"Kuyambira liti, bambo?" adokotala anafunsa, mawu ali otsika momwemo.

Apa ndi pamene anayang'ana nkhope zathu, n'kuyang'ana sikirini ya makina ija, bwalo lakuda ndi chinthu chotuwa m'kati. Kumwetulira kunatsala pakamwa pawo kopanda mwini.

"Tulutsani laputopu," ndinatero.

"Amake Kadona, tandiuzani kaye..."

"Tulutsani."

Anaiika patebulo la adokotala. Zipi inawavuta. Amuna anga ndi munthu wadongosolo, sataya chithunzi. Chilichonse amasunga kawiri, chosasamba ndi chosamba, moyandikana. Anatsegula za miyezi ingapo yapitayo, tsiku limene mchimwene wake wa Kadona anapambana mpikisano wa kusukulu. Kumanja chithunzi chimene chili pakhoma kwathu: Kadona wa maso awiri akuda. Kumanzere chimene kamera inaona: diso loyera.

Anabwerera m'mbuyo. Kadona ali m'beseni, loyera. Kadona atavala nsapato za bambo ake, loyera, koma locheperapo. Anabwererabe mpaka pa keke ya chaka chimodzi. Pamenepo kanali kachigamba chabe, m'mphepete mwa mwanadiso, ngati mwezi wongooneka kumene. Diso lonselo linali lofiira.

Chaka chathunthu. Chinthucho chinkakula pamaso pa munthu amene ankachikulitsa pasikirini, kuchiyang'ana pafupi kuposa dokotala aliyense, n'kuchifufuta.

"Batani la maso ofiira linkakana," iwo anayamba kufotokoza, sindikudziwa ankafotokozera ndani. "Limafuna chofiira, ndiye choyera silichiona. Ndiye ndinkangotenga pakati pa diso lamanja, ndikukopera, ndikuika kumanzere. Ntchito ya kamphindi."

Ndinaganiza za khoma la pabalaza pathu. Mafulemu onse aja, amene apongozi amaima patsogolo pawo n'kumati mwanayu maso anatengera kwathu. Pa chithunzi chilichonse mwana wanga ali ndi diso lamanja kawiri. Lamanzere silinafikepo pakhoma.

Ndinafunsa adokotala funso limene aliyense akanafunsa. Ndinaloza chithunzi cha keke yoyamba.

"Tikanabwera apa?"

Adokotala anayang'ana chithunzicho.

"Mwina tikanalipulumutsa. Mwinanso ayi, sindingakulonjezeni za chaka chatha. Chomwe ndikuona lero n'chakuti chotupachi chakula, ndipo diso ili silikuona. Ngati mawa tipeza zomwezi, ndidzakupemphani kuti tilichotse chisanatulukire kunja kwa diso. Ana ambiri amene tawachotsa diso lotere nthawi yabwino amakula, amapita kusukulu, amavutitsa makolo awo ngati ana ena onse."

Amuna anga anakhala pansi, pasimenti penipeni, laputopu ili chitsegukire patebulo. Kadona anatsika pamiyendo panga, anapita kukawakwera pamsana poganiza kuti ndi masewera a hatchi.

Kukhonde sindinakuwe. Anthu amadikira kuti ndinene kuti ndinawamenya ndi chikwama, koma mphamvu zimenezo ndinalibe.

"Chaka chonse simunandiuze bwanji?"

"Ndikuuzeni chiyani? Ndimakuuzani ndikachotsa chiphuphu cha kasitomala?"

"Uyu si kasitomala."

"Ndinkafuna azioneka bwino."

"Waoneka bwino. Chaka chonse waoneka bwino kwambiri."

Ndinawatuma kunyumba kukatenga zovala za mwana, thaulo, kapu yake yapulasitiki ndi chidole cha nsalu, ndiponso kukaona ngati ana enawo adya. Anabwera ndi zonse kupatula thaulo.

M'mawa mwake anamugoneka n'kumuunika. Diso lamanja linali bwinobwino m'kati, lopanda kanthu. Lamanzere linali monga ananenera. Anatiitana tonse awiri, anafotokozanso pang'onopang'ono, anafunsa ngati tikuvomera. Amuna anga ankangoyang'ana pansi. Ndinavomera ndine. Apongozi anaimba foni kuti tisafulumire, akudziwa munthu wina wa mapemphero ndi winanso wa mankhwala othira, diso la mwana silichotsedwa ngati dzino. Ndinawauza kuti tachedwa kale chaka, ndipo ndinadula foni. Mpaka lero nkhani ya kudula foniyo sinathe.

Analichotsa. Kadona anatuluka mutu utakulungidwa bandeji, akununkha mankhwala, ndipo atadzuka chinthu choyamba chimene anafuna chinali bisiketi. Diso analitumiza kokapima. Masiku odikira zotsatira sindiwafotokoza, ndinkachapa zovala zochapa kale. Yankho linabwera lakuti chotupa sichinafike pamtsempha wopita ku ubongo. Adokotala anati tizibwera pafupipafupi kudzaunikitsa diso lotsalalo kwa zaka zingapo, ndipo ana enawo nawonso anawaunika, ali bwino.

Bala litapola anamuikira diso lochita kupanga. Munthu wopanga masowo anakhala ndi Kadona nthawi yaitali, akuyang'ana diso lamanja, akusakaniza utoto, akujambula timitsempha ndi kaburashi kakang'ono kuti afanane. Amuna anga anaima pakhomo kuonerera. Pakati pa ntchitoyo anatuluka panja, sanabwererenso mpaka titamaliza. Sindinawafunse chifukwa. Ntchito yokopera diso lamanja kuika kumanzere ankaidziwa.

Mafulemu aja ndinawatsitsa onse. Sindinawaswe, magalasi ake ndi abwino. Ali m'katoni pansi pa bedi. Pakhoma panatsala misomali ndi malo oyera pamene fumbi silinafike.

Kusitudiyo ntchito ikuyenda, koma pang'onopang'ono. Ziphuphu akuchotsabe, matayi akuwongolabe. Koma chithunzi cha mwana wa munthu chikabwera, cha paphwando kapena cha kusukulu ya mkaka, amachikulitsa, amayang'ana diso ili, diso linalo, kenako amandiitana.

"Amake Kadona, tadzaonani. Awa ndi ofiira onse?"

"Ndi ofiira."

"Ili silikutuwa?"

"Ndi lofiira, bambo. Kasitomala akudikira."

Mayi wina anakwiya kuti tamusunga nthawi yaitali chifukwa cha zithunzi zinayi. Ndinamuuza kuti mwana wake ali ndi maso ofiira okongola, akafika kunyumba ayamike. Anandiyang'ana ngati wamisala, sanabwerenso.

A Magalasi ndinawapitira mwana atachira. Ndinakwera masitepe aja ndi Kadona akuyenda yekha, akugwira khoma. Anamuyang'ana, anatsitsa magalasi a pamphumi, anayang'ananso.

"Diso lake lenileni ndi liti?"

"Pezani nokha, si inu katswiri?"

Analoza lolakwika. Kadona anawalanda sikuludiraiva.

Kamera yakale ija sitinaigulitse. Loweruka masana ndimakoka makatani a pabalaza, ndimadikira kuti maso a Kadona azolowere mdima, ndimagwedeza makiyi, ndimajambula ndi fulashi. Adokotala anandiuza poyera kuti kamera silowa m'malo mwa kuunika kwawo, ndipo sindijomba tsiku la chipatala. Koma ndimajambulabe. Ndimayang'ana pakasikirini ndekha, khadi isanachoke m'kamera.

Chithunzi choyamba chotere ndinachitengera kusitudiyo kuti chitsukidwe. Kadona ali pampando, tsitsi losapesa, pachibwano pali phala. Diso lamanja lofiira ngati khala lamoto. Lamanzere, lopanga lija, lakuda bii, chifukwa kumbuyo kwake kulibe chobweza kuwala. Ndinasiya khadi patebulo, ndinapita kukajambula kasitomala. Pobwera ndinapeza chithunzicho chili pasikirini, chitakulitsidwa, dzanja la amuna anga lili pa mausi.

"Musachigwire."

"Sindikuchigwira. Ndikungoyang'ana."

"Phalalo lisiyeninso."

"Ndamva."

Anachotsa dzanja pa mausi n'kuliika pamwendo.

"Chikhale chachikulu bwanji?"

"Cholowa m'fulemu ija yaikulu."

Anadina, makina otsukira zithunzi anayamba kulira. Ine ndinapita kukafunafuna chipeso, chifukwa kasitomala uja anali atachoka nacho.